Mkombero wa Diso: Njira Yatsopano Yochizira Keratoconus

Nkhani ya matenda awa kawirikawiri imayambira m'kalasi. Mwana amene chaka chatha ankawerenga bwinobwino zolembedwa pabolodi ali pabenchi lakumbuyo, chaka chino wayamba kutsinzina diso limodzi ndi kupendeketsa mutu kuti aone. Posakhalitsa apempha kukhala kutsogolo. Makolo amugulira mandala, koma isanathe miyezi ingapo mandalawo aleka kumuthandiza. Agula ena, nawonso chimodzimodzi. Malikisi ayamba kutsika, ndipo ena ayamba kunong'onezana kuti mwanayo walowa ulesi. Chonsecho vuto lagona pa kachigawo ka diso kopyapyala ngati chikhadabo, kamene kayamba kusintha maonekedwe ake.

Dzina la matendawa ndi keratoconus. Kwa zaka zambiri, munthu amene matendawa amukulira anali ndi njira imodzi yokha ya opaleshoni, ndiyo kudula kachigawo kodwalako, kukataya, ndi kusokererapo ka munthu wina. Lero kuli njira ina imene inayambira mumzinda wa Chennai ku India. M'malo motaya chodwalacho, dokotala amachisiya pomwepo n'kuchichirikiza ndi kachingwe kakang'ono kodulidwa m'diso la munthu womwalira.

Zenera la diso

Kutsogolo kwenikweni kwa diso kuli kachikopa koonekera ngati madzi oyera, kamene kamakuta mbali yakuda ya diso monga momwe galasi limakutira nkhope ya wotchi. Madokotala amakatcha cornea. M'mimba mwake cornea ndi pafupifupi mamilimita 12, ndipo pakati pake m'pokhuthala theka la milimita chabe. Mulibe mitsempha ya magazi, pakuti mitsempha ikanatchinga kuwala. Chakudya imachipeza m'madzi a m'kati mwa diso, ndipo mpweya imaulandira kudzera m'misozi.

Cornea si chotchinga fumbi chabe ai. Kuti munthu aone bwino, kuwala kolowa m'diso kuyenera kupindidwa kuti kukakumane pamalo amodzi kumbuyo kwa diso. Magawo awiri mwa magawo atatu a ntchito yopinda kuwalayi amagwiridwa ndi cornea. Gawo lotsalalo limagwiridwa ndi kagalasi kena ka m'kati mwa diso, kamene kakayera ndi ukalamba anthu amati munthuyo ali ndi ng'ala. Motero ng'ala ndi keratoconus ndi matenda awiri osiyana.

Mbali yaikulu ya cornea, pafupifupi magawo 9 mwa magawo 10, ndi mnofu wapakati wotchedwa stroma. Mnofuwu ndi wopangidwa ndi tiulusi tosaoneka ndi maso, toyalana mwadongosolo monga mabango a mphasa. Kumbuyo kwake kuli mzere umodzi wa maselo otchedwa endothelium, amene ntchito yawo ndi kupopa madzi kuti cornea ikhale yoonekera. Maselo amenewa akafa samerenso.

Mwa wodwala keratoconus, tiulusi tija timafooka ndipo cornea imapyapyala. Madzi a m'kati mwa diso amakankha malo ofookawo, kotero kuti chimene chinali chobulungira bwino chimayamba kusongoka ngati denga la nkhokwe. Kuwala kodutsa pamalo osongokawo kumabalalika. Wodwala amaona chilembo chimodzi ngati zilembo ziwiri kapena zitatu zosanjikizana, ndipo usiku nyali za galimoto zimaoneka ngati zili ndi michira. Mandala wamba amalephera chifukwa amapangidwira diso lokhota mofanana, pamene diso ili lakhota mwachisawawa ndiponso likusinthabe. Woyamba kulongosola matendawa mwatsatanetsatane anali Dr John Nottingham wa ku Liverpool, m'chaka cha 1854.

Matendawa amayamba pa nthawi imene mwana akusinkhuka, ndipo amakulirakulira kufikira munthu atafika zaka za m'ma 30 kapena 40. Amagwira maso onse awiri, ngakhale kuti limodzi limatsogola. Kale ankati amagwira munthu mmodzi mwa anthu 2,000, koma kafukufuku wa ku Netherlands wofalitsidwa m'chaka cha 2017 anapeza munthu mmodzi mwa anthu 375. Nthawi zina matendawa amayenda m'banja, ndipo amapezeka kwambiri mwa anthu obadwa ndi Down syndrome. Koma chinthu chimene madokotala amachiloza chala koposa ndi kutikita m'maso mwamphamvu tsiku ndi tsiku. M'maiko otentha a mu Africa muli ana ambiri amene maso awo amayabwa, kufiira ndi kuda m'mbali mwa cornea, makamaka m'chilimwe. Ana otere amatikita maso usana ndi usiku, ndipo ena mwa iwo amadzapezeka ndi keratoconus.

Njira zimene zinatsogola

Mandala akalephera, chotsatira chimakhala timagalasi tolimba tovala pa diso penipeni. Madokotala a ku Zurich ndi ku Paris anayamba kuyesa timagalasi totere m'chaka cha 1888. Timathandiza kwambiri, pakuti misozi imadzaza mpata wa pakati pa kagalasi ndi cornea, ndipo kuwala kumadutsa mowongoka. Komabe timafuna ukhondo waukulu, timavutitsa kumalo a fumbi, ndipo cornea ikasongoka kwambiri timakana kukhazikika.

Opaleshoni yosintha cornea inayamba kutheka pa 7 Disembala 1905, pamene Dr Eduard Zirm wa mumzinda wa Olomouc, umene lero uli m'dziko la Czech Republic, anathandiza mlimi wina amene maso ake onse anapsa ndi laimu. Macornea anachokera m'diso la mnyamata wa zaka 11, limene linayenera kuchotsedwa chifukwa chovulala. Diso limodzi la mlimiyo linapenyanso. M'zaka za m'ma 1930, Dr Vladimir Filatov wa ku Odessa anaonetsa kuti cornea ya munthu womwalira imagwiranso ntchito, ndipo m'chaka cha 1936 Dr Ramón Castroviejo wa ku New York anachita opaleshoniyi bwinobwino pa wodwala keratoconus.

Opaleshoni imeneyi yapenyetsa anthu ochuluka zedi, koma ili ndi mtolo wake. Cornea yatsopano imasokedwa ndi ulusi wopyapyala koposa tsitsi, kawirikawiri malo 16, ndipo ulusiwo umakhala chaka chathunthu kapena kupitirira. Chilondacho sichilimba ngati cornea yobadwa nayo, motero mpira kapena chigongono chingathe kuching'amba ngakhale patapita zaka. Thupi lingathe kukana cornea yachilendoyo, makamaka maselo a endothelium aja, choncho wodwala amathira mankhwala m'maso nthawi yaitali ndi kupita kuchipatala kawirikawiri. Ndiponso cornea yobwereka siikhala muyaya. Kaundula wa ku Australia anaonetsa kuti mwa macornea 100 oikidwa kwa odwala keratoconus, 89 anali kugwirabe ntchito patapita zaka 10, koma patapita zaka 20 anatsala 49. Kwa mnyamata wa zaka 18, izi zitanthauza kuti mwina adzafuna opaleshoni yachiwiri asanakalambe. Pambuyo pake madokotala anaphunzira kusintha mnofu wakutsogolo wokha n'kusiya endothelium ya mwiniwake, zimene zinachepetsa kukanidwa, koma ulusi ndi chilonda zinatsalabe.

M'chaka cha 2003, gulu la Prof Theo Seiler, Dr Gregor Wollensak ndi Dr Eberhard Spoerl linafalitsa njira imene linaiyambitsa ku Dresden m'dziko la Germany, yotchedwa cross-linking. Amanyowetsa cornea ndi vitamini B2, kenaka n'kuiunika ndi kuwala kwa ultraviolet kwa mphindi 30. Tiulusi tija timamangana ndi kulimba, ndipo mwa odwala ambiri matendawo amaima. Koma kuimitsa si kubweza. Cornea imene yasongoka kale imatsala yosongoka ndithu.

Tsono kodi cornea yosongoka ingaphwetsedwe bwanji popanda kuidula? Yankho linachokera pa mfundo imene Dr José Barraquer wa ku Bogotá ku Colombia anailongosola m'zaka za m'ma 1960, yakuti mnofu ukawonjezeredwa m'mbali mwa cornea, pakati pake pamaphwa. Wopanga malichero amaidziwa nzeru yofanana ndi imeneyi. Nsungwi zolukidwa pazokha zimapindika mulimonse, koma zikamangidwa ku mkombero zimakokeka mbali zonse ndipo lichero limaima bwino. M'chaka cha 2000, Dr Joseph Colin wa ku France anafalitsa zotsatira za kuika timikombero ta pulasitiki yolimba m'kati mwa cornea ya odwala keratoconus. Cornea inaphwadi. Vuto linali lakuti pulasitiki yolimba ndi mnofu wofewa sizigwirizana. Mwa odwala ena, mnofu wa pamwamba pa pulasitikiyo unkasungunuka pang'onopang'ono, kamkomberoko n'kusuntha kapena kutulukira kunja, nthawi zina n'kulowetsa tizilombo. Pofuna kupewa zimenezi ankakakwirira mozama, motero cornea yopyapyala kwambiri, imene inali kufuna chithandizo koposa, sinkatha kukalandira.

Nzeru ya ku Chennai

Dr Soosan Jacob, mayi wa ku India wogwira ntchito pa chipatala cha maso cha Dr Agarwal ku Chennai, analingalira kuti ngati cholakwa ndi pulasitiki, mkomberowo upangidwe ndi cornea yeniyeni. Anayamba kuchita zimenezi m'chaka cha 2015, ndipo m'chaka cha 2018 iye ndi anzake anafalitsa zotsatira za maso 24 a odwala 20. Odwalawo anayamba kuona bwino koposa kale, ndipo pa miyezi imene anawatsata sanapeze mavuto aja a pulasitiki. Dzina la njirayi m'Chingerezi ndi Corneal Allogenic Intrastromal Ring Segments, koma amalifupikitsa kuti CAIRS.

Ntchitoyo imayamba ndi kujambula diso la wodwala pa makina amene amaonetsa mapiri ndi zigwa za cornea monga mapu a dziko. Pa mapu amenewa dokotala amaona pamene pali nsonga, kawirikawiri chakumunsi kwa pakati, ndipo amasankha kutalika ndi kunenepa kwa kachingwe kofunika. Kenaka amatenga cornea ya womwalira yochokera ku nkhokwe ya maso. Amapala khungu lake lakunja ndi kusenda mzere wa endothelium, n'kutsala ndi mnofu wapakati. Ndi mpeni wozungulira wa misomali iwiri yakuthwa, wina m'kati mwa unzake, amadula kamkombero kopyapyala, ndipo kamkomberoko amakadula tizigawo.

Wodwala sagonekedwa tulo. Amangomuthira mankhwala ochititsa dzanzi m'diso. Makina a laser amaboola kanjira kozungulira m'kati mwa mnofu wa cornea yake, kutali ndi pakati pamene munthu amaonera. Dokotala amalowetsa kachingwe kaja m'kanjirako ndi kukakokera pamalo pake. Madokotala ena amayamba akaumitsa kuti kalimbe ndi kulowa mosavuta, ndipo kakalowa kamamwa madzi n'kufufumanso. Palibe chosoka. Kawirikawiri ntchito yonse siipitirira theka la ola, ndipo wodwala amabwerera kwawo tsiku lomwelo. Ngati matenda akadayendabe, amachitanso cross-linking, tsiku lomwelo kapena nthawi ina, kuti kachingwe kawongole ndipo kuwala kulimbitse.

Ubwino wa njirayi uli pangapo. Kachingweko ndi kofewa ndi kopindika ngati mnofu umene kakhalamo, motero sikaukhula. Chifukwa cha ichi kangaikidwe pafupi ndi pamwamba, pamene mphamvu yake yophwetsa imakula, ndiponso m'cornea yopyapyala imene ikanakana pulasitiki. Dokotala angakadule monenepa mbali imodzi ndi mopyapyala mbali inayo molingana ndi diso la munthu aliyense. Mwayi woti thupi likakane ndi wochepa, chifukwa mulibe endothelium ndipo maselo amoyo ndi owerengeka. Ngati zotsatira sizinakhutiritse, kangafupikitsidwe, kusinthidwa kapena kuchotsedwa. Choposa zonse, pakati pa diso pamatsala cornea ya mwiniwake, imene thupi lake silidzaikana. Akuluakulu anati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Njirayi yafalikira ku Turkey, Lebanon, Australia, United States ndi maiko ena. Ku New Jersey, Dr Peter Hersh ndi Dr Steven Greenstein anakonza njira yofanana nayo yotchedwa CTAK, imene imagwiritsa ntchito mnofu wa cornea wophedwa tizilombo ndi kuwala kwa gamma, wodulidwa ndi laser molingana ndi mapu a diso la wodwala. Ku Rotterdam, gulu la Dr Gerrit Melles linafalitsa m'chaka cha 2014 njira ina yolowetsa kachikopa kopyapyala zedi ka cornea ya womwalira m'kati mwa cornea yodwala. Njira zonsezi zili ndi mtima umodzi, ndiwo kuwonjezera m'malo mochotsa.

Komabe kunena zoona, CAIRS siichotsa matenda. Odwala ambiri amavalabe mandala pambuyo pake, kusiyana kwake n'kwakuti tsopano mandalawo amagwira ntchito. Monga opaleshoni iliyonse, ingathe kulowetsa tizilombo kapena kutupitsa diso, motero wodwala amathira mankhwala kwa masabata angapo ndi kupimidwanso. Popeza inayamba m'chaka cha 2015, palibe munthu amene wakhala ndi kachingweka zaka 20. Makina a laser ndi okwera mtengo, ngakhale kuti dokotala waluso angaboole kanjira kaja ndi zipangizo za m'manja. Ndiponso pali maso amene njirayi siingawathandize. Keratoconus ikakula kwambiri, kachikopa ka m'kati mwa cornea kangang'ambike mwadzidzidzi, madzi n'kulowa, diso n'kuyera. Kutupako kumaphwa patapita miyezi, koma kawirikawiri kumasiya chipsera. Chipsera chikakhala pakati, palibe mkombero umene ungachichotse, ndipo chotsala ndi opaleshoni yaikulu ija.

Mphatso ya womwalira

Njira yakale ndi yatsopano zonse zimadalira chinthu chimene fakitale siipanga. Kafukufuku wa dziko lonse wofalitsidwa m'chaka cha 2016 anapeza kuti m'chaka cha 2012 kunachitika maopaleshoni osintha cornea okwana pafupifupi 185,000 m'maiko 116, pamene anthu pafupifupi 12.7 miliyoni anali kudikira. Kunali cornea imodzi pa macornea 70 ofunika.

Apa m'pamene CAIRS ili ndi phindu lina. Opaleshoni yaikulu imadya cornea yathunthu pa diso limodzi, ndiponso imafuna cornea yokhala ndi maselo a endothelium ochuluka. Macornea ambiri operekedwa amakanidwa chifukwa maselowo ndi ochepa. CAIRS siifuna maselo amenewa, motero cornea imene ikanatayidwa imapeza ntchito, ndipo cornea imodzi ingatulutse tizingwe tothandiza maso angapo.

Nkhokwe yoyamba ya maso inatsegulidwa ku New York m'chaka cha 1944 ndi Dr R. Townley Paton. Munthu akamwalira, cornea imatengedwa pasanapite maola ambiri, ndi chilolezo cha mwiniwake akali moyo kapena cha abale ake. Magazi a womwalirayo amapimidwa kuti aone ngati mulibe HIV, matenda a chiwindi ndi matenda ena opatsirana. Cornea imasungidwa m'madzi a mankhwala pamalo ozizira kufikira masabata awiri. Nkhope ya malemu siisintha, ndipo mwambo wa maliro umayenda monga mwa nthawi zonse.

Dziko limene linaonetsa kuti mtima wa anthu ungasinthe pa nkhaniyi ndi Sri Lanka. Kumeneko Dr Hudson Silva anayambitsa bungwe lopereka maso m'chaka cha 1961, ndipo anthu ambiri achipembedzo cha Buddha analandira nkhaniyi ngati ntchito yachifundo. M'chaka cha 1964 bungwelo linatumiza maso oyamba kunja, ku Singapore, ndipo kuyambira pamenepo latumiza macornea ku maiko oposa 50. Mu Africa, dziko la Ethiopia linatsegula nkhokwe yake ya maso ku Addis Ababa m'chaka cha 2003. Kumene kulibe nkhokwe, cornea imachita kuitanitsidwa kunja pa ndege ndi ndalama zambiri, ndipo wodwala wosauka amatsala. Nkhani yopereka chiwalo cha malemu ndi yolemera m'mabanja ambiri, ndipo siiyenera kukakamizidwa. Koma banja limene lakambirana nkhaniyi kukali bata silivutika kuyankha tsiku lachisoni likafika.

Mbali ya mphunzitsi

Nzeru zonsezi za ku Dresden ndi ku Chennai zimathandiza diso limene lafika kuchipatala nthawi ikadalipo. Likafika matenda akungoyamba, cross-linking yokha ingakwane. Likafika litasongoka koma lisanachite chipsera, mkombero ungaliwongole. Likafika litayera, latsala ndi njira yovuta ndi yodula koposa zonse. M'mera mpoyamba.

Munthu amene amaona mwana akuyang'ana chinthu chakutali tsiku lililonse si dokotala, ndipo nthawi zambiri si kholo, koma mphunzitsi. Zizindikiro zake si zobisika. Mwana amatikita maso ndi nkhonya kosalekeza, amadana ndi dzuwa, amayandikiza buku kumaso, amasintha mandala pafupipafupi, ndipo akatseka diso limodzi amapeza kuti linalo likuona mwachimbuuzi. Matenda akakula, mwanayo akayang'ana pansi chikope chakumunsi chimatukuka ngati chilembo cha V. Mphunzitsi angalembe zilembo pabolodi n'kuuza ana kuti awerenge ndi diso limodzilimodzi. Ntchito imeneyi siitenga phunziro lathunthu, koma ingaulule diso limene mwiniwake sanadziwe kuti likufooka, popeza linzake linali kuliphimbira.

Mwana wotere ayenera kutumizidwa kwa a zamaso. M'Malawi, zipatala zazikulu za Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu, ndiponso chipatala cha Nkhoma, zili ndi mbali yoona za maso. Azibale ake obadwa nawo ndi bwino apimidwenso. Maso akamayabwa, kansalu koyera konyowetsedwa ndi madzi ozizira kamathandiza koposa chala, ndipo mankhwala othira m'maso akhale okhawo amene a chipatala alemba. Madzi a masamba ofinyira m'maso awononga macornea ambiri, ndipo mankhwala ena ogula mwachisawawa amaletsa kuyabwa uku akukweza mphamvu ya madzi a m'diso kufikira kupha mtsempha woonera.

Kwa wachinyamata amene wamaliza sukulu ndipo wauzidwa kuti ali ndi keratoconus, mawu ofunika ndi awa: matendawa kawirikawiri safika pochititsa mdima wandiweyani, ndipo ambiri amene ali nawo amaphunzira ndi kugwira ntchito bwinobwino. Chofunika ndi kuleka kutikita maso lero lomwe, kusunga masiku onse opimidwa, ndi kufunsa dokotala mafunso awiri, lakuti kodi matendawa akuyendabe, ndi lakuti kodi pakati pa cornea pakadali poyera ngati madzi. Mayankho a mafunso amenewa ndiwo amasonyeza njira yoyenera diso lake.